Thumba Loyera pa Mtengo wa Msuku

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene sindifunira kubwerera ku Mzimba, ngakhale kukangoona kumene ndinathera mphamvu zanga. Pakamwa ndimazemba, mukudziwa kale khalidwe la bambo wanu, ndiye ndati ndilembe. Zaubwana wanga ku Dowa ndazisiya, palibe chimene ndinachita chosiyana ndi ana ena. Ndiyambira pa nsanja.

Chaka choyamba, mwezi wa Juni

Kalata yanga ya ntchito inati ndine mlonda wa moto. Ndinkayesa andiika ku Dedza, kufupi ndi kwathu, koma ananditaya kumpoto. Ndinatsika basi pa Champhira ndi chikwama chimodzi, bulangete ndi kampoto, ndipo lole ya ofesi ya zankhalango inandilowetsa m'nkhalango ya paini kum'mawa kwa msewu waukulu. Inandisiya patsinde pa phiri. Pamwamba pake panali nsanja yamatabwa ya makwerero makumi anayi ndi awiri, kachipinda kamalata kumutu kwake, ndi kanyumba kogonamo pansi. Kapitawo wanga woyamba, a Moyo, anandipatsa magalasi oonera patali, mapu ndi wailesi yolankhulirana ndi ofesi. "Ntchito yanu ndi maso basi," anatero. "Mukaona utsi, nenani uli mbali iti ndipo ndi wamtundu wanji." Ndinafunsa kuti nanga anzanga ali kuti. Anaseka mpaka kutsokomola. "Anzanu ndi anyani, a Mbewe. Koma muzitseka chitseko, ndi akuba."

Kuzizira kwa kumeneko sikwamasewera. M'mawa nkhungu inkakuta phiri lonse moti ndinkakwera nsanja popanda kuona phazi langa, ndipo dzuwa likatuluka ndinkangoona mitengo, mitengo yokhayokha mpaka kumene maso alekezera. Amayi anu anabwera nanu n'kukhala miyezi isanu. Sukulu kutali, chigayo kutali, chipatala ulendo wa tsiku lathunthu, komanso chinenero chachilendo. Tsiku lina anangoti, "Bambo, ana awa apusa kuno." Sindinawaletse, ankanena zoona. Anabwerera nanu ku Dowa, ine n'kumabwera pa tchuthi mvula ikayamba, nthawi imene nkhalango siipsa. Ndinasungulumwa, ndisakunamizeni. Ndinafika pomalankhula ndi ketulo, n'kumaikalipira ikachedwa kuwira.

Pokhala ndinalibe chochita china, ndinaphunzira utsi. Wa udzu ndi woyera ndipo umathamanga. Wa paini ndi wakuda, wolemera chifukwa cha utomoni. Wa osaka mbewa umabuka apa ndi apo ngati nthata. Wa ofula njuchi ndi kautsi kobiriwira kosachedwa kutha, pomwe wa ootcha makala umakhala malo amodzi sabata yonse osachita manyazi. Zosowa zinali zambiri. Mabatire a wailesi akatha ndinkamenya chitsulo cha gudumu la thirakitala chimene ndinapachika pansi pa nsanja, kuti ogwira ntchito kunazale amve. Nsapato za ntchito zinkabwera kamodzi pa zaka zitatu, kawirikawiri zazikulu zoti n'kulowamo awiri. Mabwana anasinthana asanu ndi mmodzi pa nthawi yanga, ndipo mwa onsewo amene anakwera makwerero anga mpaka pamwamba ndi awiri okha.

Chaka chachitatu, mwezi wa Okutobala

Tsiku lina masana ndinaona utsi m'malire a nkhalango chakumadzulo, kumene paini amathera n'kuyamba minda ya anthu. Ndinamenya chitsulo ngati wamisala. Amuna makumi awiri anathamanga ndi nthambi zaziwisi, n'kukapeza bambo mmodzi atakhala phee pa chitsa, akuyang'anira mulu wake wa nthambi ukuyaka. Anali atalambula bwinobwino kuzungulira mulu wonse, chidebe cha madzi chili pambali. Anthu a kumeneko amadula nthambi, kuziunjika ndi kuzitentha kuti phulusa lake lidyetse mawere, amene iwo amati lipoko. Amunawo anabwerera akutukwana, ndipo a Moyo anandiuza pa wailesi kuti ndikadzawathamangitsanso anthu pachabe ndidzazimitsa ndekha.

Lamulungu lotsatira ndinamva munthu akukwera makwerero, akupuma mwamphamvu. Anali bambo aja, a Shaba, atanyamula botolo la uchi. Anandipatsa moni wa Chitumbuka, ine n'kuyankha m'Chichewa kuti sindikumva. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Chichewa nkhuchimanya makora, kweni muli kukaya kwithu." Ndiye kuti Chichewa amachidziwa bwino, koma ine ndili kwawo. Anali atagwirapo ntchito ya umisiri wa nyumba ku Lilongwe zaka zambiri, koma kwa ine anakanitsitsa kuchilankhula. Ndikalakwitsa ankaseka mpaka misozi, kenaka n'kundibwerezetsa ngati mwana wa sukulu. Chitumbuka chonse chimene mumandiseka nachochi ndinachiphunzira kwa iwo, choncho zimene ankanena ndizingomasulira.

Tsiku limenelo anandilozera mtengo wa msuku umene unali m'mphepete mwa malo awo, ukuoneka bwino kuchokera pa nsanja. Lamulo linkati aliyense wofuna kutentha pafupi ndi malire akanene kaye ku ofesi, koma ofesiyo unali ulendo wa tsiku lonse wapansi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankapita. Nzeru ya thumba inali yanga, ndisaikankhire kwa iwo. Ndinati akafuna kutentha azipachika thumba loyera la feteleza pa msuku uja. Thumba likakhala m'mwamba, ndiye kuti motowo uli ndi mwini wake ndipo ali pomwepo akuuyang'anira. Akazimitsa n'kuchoka, azilitsitsa. "Mbwenu tapulikana, mnyane," anatero, kutanthauza kuti tamvana, mnzanga. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwa iwo linali mnyane, sanandiitanepo mwina.

Tinachita zimenezi zaka pafupifupi makumi awiri popanda vuto. Lamulungu lililonse kunja kukakhala kwabwino ndinkatsika kukapemphera nawo, popeza anali mkulu wa mpingo, kenaka n'kukadya kwawo. Akazi awo, amama NyaHara, ankandisungira bowa wouma ndi nthochi. Madzulo a Shaba ankandiperekeza mpaka pa msuku uja, n'kuima pamenepo kundiyang'ana mpaka ndilowe m'paini. Uthenga wa imfa ya amayi anu utafika pa wailesi, ndi iwo amene anandilongedzera chikwama. Anakwera nane basi mpaka ku Dowa, mwina mukuwakumbukira, bambo wamtali wa chipewa chabulauni. Kumaliroko analankhula ndi amalume anu Chichewa chosalala kuposa changa, koma akatembenukira kwa ine ankabwerera ku Chitumbuka. Pa dziko lonse la Mzimba mnzanga anali yekhayo.

Chaka cha makumi awiri ndi ziwiri, mwezi wa Ogasiti

Tinamva kuti kukubwera droni, kandege kopanda woyendetsa m'kati kokhala ndi kamera, koti kaziona moto. Ndinakwiya, ndisabise. Ndinati zaka zonsezi maso anga akhala akugwira ntchito popanda batire, lero andilowetse m'malo ndi choseweretsa cha ana? Amene anabwera nayo ndi mayi Maseko, mayi wa ku Ntcheu wophunzira za nkhalango, amene ankachokera ku Boma pa njinga yamoto Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Anasankha phiri langa chifukwa linali lalitali, ndipo pa denga la kanyumba kanga anaika sola yotchajira mabatire. Tsiku loyamba sindinatsike n'komwe. Anakwera okha makwerero onse, nafika ali wefuwefu.

"Bambo Mbewe, akuti inu ndi amene mumadziwa utsi kuno," anatero.

"Kadziwe kandege kanuko," ndinayankha.

"Kandegeka sikadziwa utsi, kamangoona kutentha. Bwerani muone."

Ndinatsika monyinyirika. Anakaulutsa kakulira ngati njuchi zasokonezedwa, kenaka anandionetsa pa sikirini imene anagwira m'manja. Nkhalango yonse inkaoneka yotuwa, koma pambali pa kanyumba kanga panali kadontho koyera mbee. "Apo munaphikira tiyi m'mawa," anatero. "Simunazimitse bwino." Ndinapita kukafukula phulusa, ndipo zoonadi pansi pake panali khala lamoyo. Ndinachita manyazi, iwo n'kumayesa kubisa kuseka. "Mlonda wa moto ameneyo," anatero, ine n'kusekanso ngakhale sindinafune.

Droni ija inali ndi zofooka zake. Batire linkatha pasanathe theka la ola, mphepo ikakula sinkauluka, ndipo inkaona kutentha kulikonse, kaya ndi mwala wotenthedwa ndi dzuwa kaya ndi uvuni wa njerwa. Ndiye mayi Maseko akaona kadontho ankandifunsa ine, ine n'kuyang'ana pa magalasi n'kunena kuti awo ndi a makala, apo ndi thanthwe chabe. Tinagwirizana kuposa mmene ndinkaganizira. Tinapeza moto kawiri usanakule mwezi woyamba womwewo, ndipo ndinayamba kudzitama kuti kandegeko popanda ine ndi kakhungu. Chimene sindinauze munthu n'chakuti Lolemba ndi Lachinayi ndinkadzuka msanga, kusesa pabwalo ndi kutsuka kapu yachiwiri, khutu lili ku msewu kumvetsera njinga yamoto. Munthu wolankhula naye Chichewa chakwathu ndinali nditamusowa zaka zambiri.

Okutobala wa chaka chomwecho

Loweruka lina m'mawa thumba loyera linakwera pa msuku. A Shaba anali atadula malo atsopano kumtunda kwa munda wawo wakale, pa tchire limene mabanja angapo a m'mudzimo ankadulamo. Ndinaona utsi wawo ukukwera mowongoka, ukuchepa masana, madzulo n'kutheratu. Lamulungu sindinatsike chifukwa kunja kunali kouma kwambiri. Lolemba mayi Maseko anaulutsa droni chakumadzulo, ndipo patapita kanthawi anandiitana.

"Pali kadontho apa, bambo Mbewe, m'malire mwenimweni. N'kakang'ono koma n'kotentha kwambiri."

Ndinakwera n'kuyang'ana pa magalasi. Utsi kunalibe, ngakhale kakang'ono. Thumba linali lidakali pa msuku, likugwedezeka ndi kamphepo.

"Kasiyeni," ndinatero. "Moto umenewo uli ndi mwini wake, ndipo ali pomwepo."

"Munthu sindikumuonapo. Bwanji titumize anthu awiri akaone?"

Ndikanavomera, ana anga. Anthu awiri okha. Koma ndinadziwa kuti akapita akafunsa amene watentha popanda chilolezo, dzina la a Shaba likafika ku ofesi. Komanso kunyada kunandigwira. Ndinati, "Mayi, zaka makumi awiri ndakhala ndikuyang'ana malo amenewo. Akhala pamthunzi penapake, kandege kanu sikaona pansi pa mtengo." Anandifunsa kuti, "Mukutsimikiza?" Ndinati ndikutsimikiza. Anatsitsa droni, sanatumize uthenga ku ofesi, ndipo tinamwa tiyi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Loweruka lomwelo madzulo, a Shaba atangokwirira phulusa ndi dothi, anawapeza ndi uthenga wakuti mlongo wawo wamwalira ku chipatala ku Embangweni. Anathamangira kunyumba, m'mawa mwake n'kunyamuka, thumba osalitsitsa. Moto unali utalowa m'chitsa cha mtengo wakale, ukudya mizu pansi pa nthaka popanda utsi. Droni inkaona zoona, ine ndi amene ndinkaona thumba.

Lachitatu chamasana kunabuka mphepo yamphamvu. Ndinaona utsi woyera ukuthamanga kuchoka pa msuku, ndipo ndisanamalize kulankhula pa wailesi unasanduka wakuda. Ndinamenya chitsulo chija mpaka dzanja kutupa. Moto unalumpha msewu wotchinga moto ngati palibe kanthu, n'kulowa m'paini wa zaka zisanu ndi ziwiri amene ndinamuona akudzalidwa ndili pa nsanja pomwepo. Unayaka masiku awiri. Mmodzi mwa ozimitsa, bambo wa ana anayi, anapsa mikono yonse ndipo mpaka lero zala zake siziwongoka. Utazima, mbali yonse ya kumadzulo inali bii, mitengo itaima ngati machesi opsa.

Sabata yotsatira, ku Boma

Anatiitanira ku ofesi ya bwana wamkulu. Ku mudzi kuja a ofesi anali atafunsa kale, ndipo aliyense anati sakudziwa amene anatentha. Patebulo panali zithunzi za droni za Lolemba lija, chifukwa makinawo amasunga chilichonse pamodzi ndi tsiku lake. Bwana sanayang'ane ine. Anayang'ana mayi Maseko.

"Mayi, kadontho aka munakaona Lolemba. Moto wabuka Lachitatu. Uthenga wanu uli kuti?"

Mayi Maseko anawerama.

"Tinakupatsani chipangizo chimenechi kuti muzinena zimene mwaona. Ngati simungathe, nenani, tipeze wina. Ndikufunsanso, chifukwa chiyani simunanene?"

"Ndinaganiza molakwa, bwana," anatero motsitsa mawu. Dzina langa sanalitchule.

Ine ndinali pampando wanga ndikumva zonsezi. Ndikanangokhala chete, nkhani ikanathera pa iwo. Ntchito ikanawathera, ine n'kubwerera ku phiri langa, Lamulungu n'kukadya kwa a Shaba monga mwa nthawi zonse. Ndinalingalira zimenezo, ndipo sindinazikane msanga. Koma mayiyo anali atandikhulupirira. Ndinaimirira n'kunena kuti anandiuza, anapempha kutumiza anthu, ndipo ine ndi amene ndinawaletsa. Bwana anafunsa chifukwa chake. Ndinaika chala pa chithunzi china, chosaonetsa kutentha, pamene panali kanthu koyera pa mtengo. Ndinafotokoza zonse za thumba, kuyambira pa chiyambi.

"Nanga thumbali ndi la yani?" anafunsa.

Pamenepo ndi pamene ndimaima mpaka lero ndikamaganiza. Ndikanatha kunena kuti anthu ambiri amapachika, sindingadziwe. Koma bwana anali atanena kale kuti wolakwa akapanda kupezeka atseka nkhalango kwa mudzi wonse, osatola nkhuni kapena bowa, osapachika ming'oma ya njuchi. Ndimakonda kudziuza kuti n'chifukwa chake ndinayankha. Zoona zake n'zakuti ndinalinso ndi mkwiyo. Mitengo yanga inali itapsa, ndinali nditachita manyazi pamaso pa anthu, ndipo mumtima ndinkati akanangotsitsa thumba lija. Za maliro ndinali ndisanamve. Ndinati, "Ndi la a Shaba."

Apolisi anakawatenga Lachisanu, atangobwera kumene kuchokera ku maliro a mlongo wawo. Kubwalo la milandu sanakane kanthu, ndipo ine ndinaima ngati mboni, iwo akuyang'ana pansi. Anakhala m'ndende miyezi inayi, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo. Ine anandipatsa kalata ya chenjezo n'kundichotsa pa nsanja. Chaka changa chomaliza ndinathera ku Boma, ndikulondera nyumba yosungiramo makasu ndi mawilibala. Mayi Maseko anapitiriza ntchito yawo ndipo ankabwera kudzandiona nthawi zina. Anandiuza kuti tsopano kadontho kalikonse amatumizako anthu, ndipo pa nsanja yanga sipakhalanso munthu, pamangokhala sola.

Mwezi wanga womaliza, Meyi

Ndinalemba makalata awiri opita kwa a Shaba, m'Chitumbuka changa chopindikacho, koma yankho silinabwere. Kutatsala masiku awiri kuti lole inyamule katundu wanga kupita ku Dowa, ndinakwera minibasi mpaka pa Champhira, kenaka kabaza mpaka m'mudzi mwawo. Ndinanyamula shuga ndi chitenje cha amama NyaHara. Ndinawapeza a Shaba pakhonde akukonza mng'oma wa njuchi, ataonda, chipewa chabulauni chomwe chija chili kumutu. Amama NyaHara ananditulutsira mpando, nandilonjera chapansipansi, n'kulowa m'nyumba.

"Monire, mnyane," ndinatero.

A Shaba anaika pansi mng'oma uja, anaimirira, anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Takulandirani, bwana," anatero m'Chichewa. "Muli bwanji? Mwayenda bwanji?"

Ndinayesa kupitiriza m'Chitumbuka. Ndinati za maliro sindinkadziwa, nzeru ya thumba inali yanga, ndabwera kudzapepesa ndisanapite kwathu. Ndinalakwitsa mawu angapo, zolakwitsa zimene kale akanaseka nazo mpaka kugwira m'mimba. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, osandikonza ngakhale liwu limodzi.

"Palibe chopepesa, bwana," anatero, m'Chichewa chosalala chija. "Munanena zoona. Thumba linali langa, ndipo ndinaiwala kulitsitsa. Zikomo kwambiri chifukwa cha shuga. Muyende bwino, mukapereke moni kwa ana."

Sindinakhalitse. Nditaimirira anandigwira chanza ndi manja awiri, monga amachitira ndi mlendo wochokera ku ofesi. Anayenda nane mpaka pamene bwalo la nyumba yawo lathera, naima pomwepo. Ndinayenda pang'onopang'ono dala, kuganiza kuti mwina ndimva mapazi awo kumbuyo kwanga mpaka pa msuku. Nditacheuka ndinawaona atakhala kale pansi, mng'oma uli pa miyendo. Ndinalira m'njira, munthu wamkulu ine, ndipo wa kabaza amene ankandidikira panjirapo anachita ngati sakuona.

Ndiye mukamandiuza kuti tiyeni bambo tikaone ku Mzimba, musamayese ndakwiyira dzikolo. Ndilibe woti ndikamuone. Chitumbuka chija ndikuchiiwala pang'onopang'ono, chifukwa kuno ku Dowa ndilibe wolankhula naye.